Pepala limodzi, mfundo zisanu

Mu October 2024 ambili a ife tinali kugona panja. Madzi ku Kariba anali atachepa chifukwa cha chilala, malaiti anali kupita pafupi-fupi tsiku lonse, ndipo fani imene ena tinagula pa nkhongole inasanduka chokongoletsa pa tebulo. Mudziwa zipinda zimene tichita renti: mabuloko, malata opanda siling'i, ka windo kamodzi koyang'ana chipupa cha aneba. Ikakwana 21 koloko mukhalamo monga kandolo mu mpoto. Ndiye tinali kutulutsa mphasa ndi matilesi pabwalo, kusankha kudyedwa ndi udzudzu m'malo mophikidwa ndi malata.

Zipinda zomwezo mu January chaka chimenecho zinali ndi madzi ofika mu akakolo. Ndiyo nthawi imene kolela inavuta mu Lusaka, masukulu anachedwa kutsegula mpaka February, ndipo Heroes Stadium inasanduka chipatala. Usiku wina pa mphasa paja mmodzi wa ife anakamba kuti, "Nyumba imodzi, chaka chimodzi, yatimiza na kutiocha. Nanga amene anaimanga anali kuganiza chani?" Tinaseka. Koma m'mawa mwake gulupu ya WhatsApp inatsegulidwa, ndipo pomafika pa Chiwelu inali ndi anthu opitilila 60.

Tifuna kukusimbilani mmene komiti imeneyo inatsala pang'ono kufa, chifukwa tamva kuti anzathu m'makomboni ena afuna kuyamba zawo.

Msonkhano woyamba tinachitila m'kalasi ya sukulu ina ya komyuniti imene anatibweleka. Panabwela anthu 43. Tinaona monga tawina kale. Maola atatu onse anathela pa masankho: tcheyamani, wachiwili wake, sekilitale, wachiwili wake, msungachuma wa chuma chimene kunalibe, wofalitsa nkhani, ndi makomiti membala asanu ndi mmodzi. Titatsiliza izo tinayamba kukangana za dzina. Za mamangidwe a nyumba palibe amene anakambapo olo liwu limodzi. Potuluka, anyamata awili anafunsa kumene tisainila. Anali kuganiza kuti pali alawansi. Sitiwaimba mlandu, mu Lusaka muno msonkhano uliwonse wokhala ndi pepala lolembapo maina umanunkhila ka transipoti.

Pa msonkhano wachiwili tinali 17. Mnzathu wina amene anapitako ku wekishopu ku hotela ina m'tauni anabwela ndi mawu atsopano, ndipo ife tinawakonda kwambili. Green building. Kuchepetsa kaboni. Nyumba zosaononga chilengedwe. Anatiuza za Eastgate Centre ku Harare, chinyumba chachikulu cha maofesi ndi mashopu chimene anatsegula mu 1996, chimene Mick Pearce anachilinganiza potengela mmene chulu cha chiswe chimadziziziletsa chokha, mphepo yozizila ilowela pansi ndipo yotentha itulukila m'machumuni pamwamba. Nkhaniyo ndi yoona ndipo ndi yokoma kumva. Mtsikana wina amene agulitsa salaula anamvetsela mpaka kumapeto, ndiyeno anafunsa mwaulemu kuti, "Manje ise tizayamba kugona ku Harare?" Sanabwelenso.

Pomafika December tinatsala anayi. Tcheyamani anapeza nchito ku Solwezi. Wofalitsa nkhani anagulitsa foni. Gulupu ya WhatsApp inadzala ndi mavesi a m'mawa ndi malonda a nsapato.

Chimene chinatiukitsa ndi mdala wina womanga nyumba, amene wamanga mwina theka la zipinda za mu mseu wathu. Tinamupeza akuika mabuloko pa chipinda china chatsopano kuseli kwa nyumba ya aneba, ndipo mmodzi wa ife, ndi mtima wa wekishopu uja, anamufunsa chifukwa chake aika ka windo kamodzi chabe. Mdalayo anaika chipande chake pansi, nakhala pa buloko.

"Ana anga, khalani pansi. Muganiza kuti ine sinidziwa kuti nyumba ifunika kupuma?"

Anatiphunzitsa kwa ola lathunthu, simenti ikuuma mu wilibala. Anakamba kuti iye anaphunzila nchito kwa anthu amene anamanga nyumba zakale za kanselo, monga za ku Matero, Chilenje ndi Libala. Pitani mukazione, anatelo: pamwamba pa chipupa pali timabowo tolowetsa mphepo, mawindo ali kutsogolo ndi kumbuyo, malata atulukila kunja kuti dzuwa lisamenye chipupa, ndipo pabwalo pali mtengo wa mango. Palibe amene anali kuzitcha green building. Anali kungoti ndiye kamangidwe. Koma mwini pulotu wa lelo akamuitana, amamuuza kuti pa malo amene panayenela kukhala zipinda zitatu afunapo zisanu ndi chimodzi. Chipupa cha kumbuyo chimathela pa malile eni-eni, ndiye windo ingayang'ane kuti? Felemu ya windo ndi ndalama, magalasi ndi ndalama, mabagila baa ndi ndalama, ndipo windo iliyonse ndi khomo la kawalala. Siling'i ndiye osakamba. Chipupa amachifupikitsa ndi mizele iwili ya mabuloko kuti asunge simenti, ndipo malata amabwela pafupi ndi mutu wa munthu.

"Nikakana, aitana mwana wamng'ono amene azamanga mochipa kupambana ine. Nizadya chani?"

Tinafunsa za madzi. Apa ndiye anatiuza zimene tinali kuona tsiku lililonse koma osazimvetsa. Lusaka yakhala pa mwala, ndipo kumadzulo ndi kum'mwela kwa mzinda mwalawo uli pafupi kwambili ndi pamwamba. Ndi mwala wa laimu, wokhala ndi ming'alu ndi mabowo mmene madzi amayenda. Mvula ikagwa kwa masiku angapo, madzi a pansi amakwela, ndipo malo ndi athyathyathya, alibe kothawila. Ndiye chifukwa chake Kanyama, Misisi, Chawama ndi John Laing amamveka pa wailesi chaka chilichonse. Wokumba chimbudzi amafika pa mwala asanapite patali, amalekela pomwepo, ndipo zonyansa zimalowa m'ming'alu yomweyo imene imadyetsa chitsime cha pa nyumba yachitatu. Ndiponso aliyense akaona madzi, amathila zibuma ndi dothi pa bwalo lake kuti likwele, wina amawaka simenti bwalo lonse. Madzi samasowa, amangosamukila kwa amene alibe ndalama ya wilibala ya zibuma. Nyumba imene inamangidwa bwino zaka 20 zapitazo lelo ili m'dzenje chifukwa aneba onse anakwela.

Tinachoka pamenepo ndi manyazi. Miyezi itatu tinali kukamba za mamangidwe popanda womanga ngakhale mmodzi m'komiti. Tinamupempha kuti alowe. Anafunsa ngati pali alawansi, tinati kulibe, anaseka, nati azibwela ngati msonkhano sudzapitilila ola limodzi.

Kulakwa kwathu kwachiwili kunali koipa kupambana koyamba, chifukwa kunapweteka munthu.

Mvula ya January 2025 itagwa, tinaganiza zojambula zithunzi za nyumba zomizidwa ndi kuziika pa Facebook. Mtsikana wina wa m'komiti, mmodzi wa anayi otsala aja, anajambula chipinda chake: bedi ili pa mabuloko, mapoto akuyandama, mwana wake ataimilila pa mpando. Tinalemba mawu aukali pansi pake okamba za malandilodi osaganizila anthu. Chithunzicho chinayenda kwambili. Tinakondwela ndi ma like. Patapita masiku anayi, alandilodi ake anamupatsa notisi ya mwezi umodzi. Geti ya nyumba yawo inali kuoneka bwino-bwino pa chithunzi, ndipo anthu a ku tchalitchi kwawo anali atawatumila.

Palibe wa ife amene anaganizapo zimenezo. Tonse ndife ochita renti, popanda pepala lililonse losainilana, ndipo tinaika mnzathu kutsogolo monga chishango. Tinasonkha ndalama yomuthandiza kusamuka, koma chipinda chimene anapeza chili kutali ndi kumene agulitsa, ndipo m'komiti analeka kubwela kwa miyezi yambili.

Awili a ife tinapita kukapepesa kwa alandilodi aja. Tinali kuyembekezela munthu wolemela wa mimba yaikulu. Tinapeza amai achikulile, amasiye, amene amagona m'chipinda chimodzi mwa zipinda zisanu za pa pulotu yawo, ndipo chawo chinamila chimodzi-modzi. Zipinda zinayi zinazo ndiye penshoni yawo, ndiye chakudya cha adzukulu atatu. Anazimanga chimodzi-chimodzi ndi ndalama za chilimba. Anatilandila, anatipatsa mipando, ndiyeno anatifunsa funso limene mpaka lelo tikali kulimbana nalo.

"Nikaika siling'i, nikakweza pansi, nikaika windo ina, renti nizakweza. Imwe muzakwanitsa?"

Sitinayankhe. Zoona zake n'zakuti ambili a ife tikhala m'zipinda zotentha chifukwa ndiye zochipa. Lamulo lokakamiza landilodi aliyense kukonza zonse nthawi imodzi likanabwela mawa, oyamba kuthamangitsidwa ndi mitengo tikanakhala ife amene tinalipempha. Anthu ambili a mu Lusaka, ena amati pafupi-fupi 70 pa 100 alionse, akhala m'makomboni amene sanapimidwe poyamba. Amene anawapatsa pogona si boma kapena mabanki, ndi amai monga awa. Mungawakwiyile, ndipo nthawi zina m'pake, koma simungakonze nyumba za m'komboni mowadumpha.

Amai aja analowa m'komiti mu March. Notisi ija sanaibweze, chipinda chinali chitatengedwa kale, ndipo sitinamizila kuti zonse zinathela bwino.

Tsopano tinali ndi womanga, landilodi, ndi ochita renti pa benchi imodzi, ndipo misonkhano inayamba kukhala ya phokoso koma ya phindu. Mnyamata wina wa pa koleji anatenga nchito yowelenga malamulo, popeza ndiye anali ndi intaneti yaulele ku sukulu. Anabwela ndi zinthu zitatu zimene ambili a ife sitinali kudziwa. Pali lamulo la Urban and Regional Planning Act la mu 2015, limene limalola anthu okhala pa malo kukambapo pamene mapulani a dela lawo akukonzedwa. Pali Ward Development Committee mu wadi iliyonse, pansi pa Local Government Act ya mu 2019, mmene mumakhala akhansala ndi oimila mazoni osankhidwa ndi anthu. Ndipo pali ndalama za CDF, zimene mu 2022 zinakwela kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse ndipo zakhala zikukwelabe, ndipo mapulojekiti ake amayambila ku anthu kupitila mu WDC imeneyo.

Apa ndiye maganizo anatembenuka. Poyamba tinali kulota zolembela kalata unduna wa Green Economy and Environment, umene unakhazikitsidwa mu 2021, kapena kupita ku Nyumba ya Malamulo ndi zikwangwani. Mdala womanga uja anafunsa kuti, nanga kalasi imene adzamanga ndi CDF pa sukulu ya apa, adzaimanga bwanji? Ngati nayonso idzakhala ya malata otsika, mawindo mbali imodzi, pansi polingana ndi mseu, ndiye kuti boma lomwe laphunzitsa komboni yonse kuti kamangidwe ndi kameneko. Koma ikamangidwa bwino, womanga aliyense amene adzagwilapo nchito adzatengako nzelu, ndipo landilodi aliyense wodutsa adzaona ndi maso. Chinanso, palibe amene angapatsidwe notisi chifukwa chopempha kuti kalasi ikhale ndi mawindo.

Tinagwilizana zopempha chinthu chimodzi chabe: kuti chilichonse chomangidwa ndi ndalama za anthu mu wadi yathu, kaya kalasi, shedi ya pa maliketi, chimbudzi kapena chipinda cha kiliniki, chizitsatila mfundo zolembedwa. Tinayamba ndi mfundo 22. Munali masola, munali makina obwezeletsa madzi akuda, munali ndi maluwa pa denga, zimene mnzathu wa wekishopu anaziteteza ndi mtima wonse. Mdala anali ndi pensulo kukhutu, ndipo pa mfundo iliyonse anali kutiuza matumba a simenti ndi masiku a nchito. Amai alandilodi anali kufunsa kuti chikaonongeka adzakonza ndani. Masabata asanu ndi limodzi tinali kudula. Zinatsala zisanu, zokwana pa pepala limodzi.

Pansi pa nyumba pakwele kupitilila pamene madzi anafika pa chigumula chomaliza, ndipo chizindikilo chake afunse anthu okhala pafupi, chifukwa mzele wa madzi ukali kuoneka pa zipupa. Mawindo kapena mabowo a mphepo akhale mbali ziwili zoyang'anana, denga likhale lokwela ndi lotulukila kunja. Pakhale magatala ndi thanki yosungila madzi a mvula, kuti madzi a pa malata asathamangile kwa aneba. Chimbudzi chikhale chowakidwa mkati, chokhoza kupopedwa, osati dzenje lofika pa mwala. Ndipo mbali ina ya bwalo isawakidwe simenti, pabyalidwe mitengo, ndi dzina la munthu amene adzaithilila lilembedwe. Mfundo yomalizayi ndi ya amai aja. Anati anaonapo mitengo yambili yobyalidwa pa tsiku la makamela imene mbuzi zinadya Mande yake.

Masola tinawasiya ndi chisoni, maka-maka titakumbukila mdima wa 2024. Koma tinaona kuti tikaika chinthu chodula pa pepala, chidzakhala chifukwa chokanila pepala lonse.

Za kayendetsedwe ka komiti tinasintha zambili, ndipo zambili ndi zazing'ono. Maudindo aja tinawathetsa. Wotsogolela msonkhano amasintha mwezi uliwonse, ndipo pali buku limodzi la hadikava mmene timalemba amene walonjeza chinthu ndi tsiku lake. Msonkhano ndi ola limodzi pa Sondo masana, anthu atabwela ku tchalitchi, chifukwa pa Chiwelu ogulitsa sangasiye malonda. Aliyense amaponya K5 akakhala nayo, ya fotokope ndi ya basi ya amene tamutuma. Timakamba Chinyanja, wina akafuna Chibemba akamba, ndipo liwu la Chizungu likabwela mwini wake alimasulile mpaka amai alandilodi agwedeze mutu. Chithunzi cha nyumba ya munthu sichipita pa intaneti popanda chilolezo cha wokhalamo ndi mwini wake.

Lamulo lovuta kusunga ndi la ndale. Masankho akayandikila, gulu lililonse la achinyamata lokhala ndi buku la maina limaoneka lokoma kwa ofuna mipando. Anabwelapo kale anthu awili osiyana, wina ndi lonjezo la matisheti, wina la mipando ya pulasitiki. Tinakangana kwambili, chifukwa mipando tifunadi, timakhala pa mabenchi a ana a giledi 2. Tinakana zonse ziwili. Mnyamata wina anakwiya nachoka, akuti ndife onyada. Mwina anali ndi mfundo. Koma tinaona kuti pepala lathu likangovala mtundu wa chipani, theka la wadi lidzaleka kuliwelenga, ndipo likhoza kufa pamodzi ndi amene analinyamula akaluza.

Tisanapite ku WDC tinayenda khomo ndi khomo m'mazoni atatu kuwelengela anthu mfundo zisanu zija. Apa ndiye tinadabwa. Azimai ogulitsa pa maliketi sanafune kumva zambili za kutentha, anagwila mfundo ya chimbudzi ndi ya thanki. Aphunzitsi anagwila ya mawindo, akuti mu October ana amayamba kuwodzela ikangokwana 11 koloko. Mwamuna wina anatithamangitsa, akuti ndife a kanselo tabwela kupima nyumba zoti zigwetsedwe. Mantha amenewo ndi enieni m'makomboni, ndipo tinaphunzila kuyamba ndi kukamba kuti sitinabwele kudzaona mapepala a pulotu ya munthu. Tinasonkhanitsa masaini ndi zidindo za chala 312.

Tsiku lokaonekela, tinasankha kuti okamba akhale mdala womanga ndi mtsikana uja wa notisi, amene anabwelela yekha atamva kuti nkhani yafika pamenepa. Ife ena tinakhala kumbuyo. Mdala anavala jekete. Anakamba mphindi zisanu, osayang'ana pepala, ndipo pamene membala wina anafunsa za mtengo, anayankha ndi matumba a simenti ndi mizele ya mabuloko, nawauza poyela kuti thanki ndi chimbudzi chowaka zidzawonjezela ndalama ndipo asanamizidwe. Anatiuza zimene sitinali kudziwa: mapulani a makalasi ndi makiliniki ambili amabwela okonzeka kale kuchokela kumwamba, ndipo WDC payokha singawasinthe. Chimene angachite ndi kulemba mfundo zathu m'maminitsi, kuziphatikiza ku mapempho a mapulojekiti a wadi, ndi kupempha kuti mainjiniya azione. Analemba. Anatipatsa tsiku lobwelanso.

Potuluka ena a ife tinakhumudwa, tinali kuganiza kuti tidzatuluka ndi lamulo m'manja. Mdala anavula jekete, nailowetsa mu pulasitiki, nati ali ndi silabu yothila 14 koloko.

Tsiku lobwelanso lija ndi mwezi wa mawa. Pakali pano tili 11 m'buku, obwela nthawi zonse ndi 7. Mnyamata wa pa koleji akufufuza amene amasaina mapulani aja ndi nthawi imene amawaonanso, kuti tidziwe khomo lotsatila. Sabata yatha amai alandilodi anaitana mdala kuti aboole mabowo awili a mphepo pamwamba pa chipupa cha chipinda chilichonse, naikamo ka waya koletsa udzudzu ndi makoswe. Anayamba ndi chipinda chawo, anagonamo masiku atatu, ndiyeno anauza mdala kuti apitilize ndi zinazo. Renti akweza ndi K30. Mmodzi wa okhalamo ndi membala wathu, ndipo pa Sondo anabwela ndi dandaulo limenelo ku msonkhano, amai aja ali pomwepo pa benchi. Talilemba m'buku, ndi loyamba pa zokambilana za Sondo ikubwela.